Rozina, Pempha Chipinda Choyang'ana Kumadzi

Rozina mwana wanga,

Wolankhula m'kalata muno ndine bambo ako, koma dzanja ndi la a Chikopa, aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa tchalitchi. Takhala pakhonde pawo kuyambira dzuwa lili paliwombo. Ndawauza kuti alembe mawu anga monga akutulukira m'kamwa, asawakonze, ndipo akamaliza andiwerengere kuti pomwe asintha tikangane. Iwe uli ku Milepa kukatsanzika azakhali ako. Ukabwera sindikuuza kanthu. Kalatayi uyipeza mawa m'chikwama chako, ndipo uyiwerenge m'basi usanafike ku Limbe.

Ndikanatha kulankhula nawe pamaso, koma ndimakudziwa. Umagwada bwino, umati "Ndamva ababa," kenako umakachita zomwe unaganiza kale. Pepala sungalidule mawu ndi ulemu.

Nkhani yake ndi ya fomu ija. Lamulungu unatiwerengera kalata ya anthu a ku Japan amene akuitanira kumaphunziro a uzamba. Akuti miyezi isanu ndi umodzi udzagona kusukulu kwawo, koma masiku asanu oyamba, pomwe akulandira alendo mumzinda wa Kobe, udzagona m'hotela, ndipo olipira ndi iwo. Anatumiza zithunzi za mahotela atatu kuti usankhe. Ina ili pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ina ili pakati pa masitolo. Yachitatu ndi yayitali ija, yoyera, yoima m'mphepete mwenimweni mwa nyanja pomwe sitima zapamadzi zimakocheza. Pansi anasiya mzere woti ulembepo hotela yomwe ukufuna ndi chipinda chomwe ukufuna. Ndinakuona ukutenga pensulo n'kulembapo kamawu kamodzi kakafupi ka Chizungu. Nditakufunsa kuti walemba chiyani, unati, "Ndalemba kuti chilichonse, ababa. Ndine mlendo, sindingasankhe m'nyumba ya eni ake."

Atsibweni ako a Dulani anawomba m'manja. Anati, "Uyu ndiye mwana woleredwa. Mwana wa mlimi akagone pamwamba pa nyanja ngati ndani?" Ine ndinanyamuka n'kupita kukayang'ana nandolo kumunda, ngakhale nandoloyo sanandiitane. Sindinafune kukangana pamaso pa alendo.

Fomuyo wati ukapereka mawa ku ofesi ya ku Blantyre, iwo n'kutumiza uthenga ku Japan ndege yako isananyamuke. Ndiye nthawi ikadalipo. Ine ndikuti mawu aja usawapereke. Sankha hotela ya kumadzi, ndipo upemphe chipinda chomwe zenera lake likuyang'ana kunyanja.

Usaganize kuti ndakalamba ndiye ndayamba kusirira za m'zithunzi. Ndikulankhula za ntchito yanga. Sukulu ndinalekera Sitandade Wani, koma m'mahotela ndinakhalamo zaka zoposa makumi atatu, poyamba ku Beira, kenako ku Limbe, kuyala mabedi, kunyamula masutikesi, kupukuta nsapato za anthu ogona. Za mimba ndi za makanda udziwa ndiwe, sindingakutsutse. Za mahotela undimvere ine.

Hotela ya ku Limbe komwe ndinkagwira inali ndi zipinda za kutsogolo, za khonde, zoyang'ana maluwa ndi phiri. Inalinso ndi nambala leveni. Nambala leveni inali kuseri, khoma limodzi ndi ng'anjo yotenthetsera madzi. Mapaipi a zimbudzi za pamwamba ankadutsa kumutu kwa bedi, moti wina akakoka tcheni kumwamba, wogona pansi ankadzidzimuka. Zenera lake linkayang'ana migolo ya zinyalala za kukhitchini. Ife antchito sitinkati leveni ayi. Tinkati kwa Chilichonse, ngati ndi mudzi wa munthu. Ankandiitana kuti, "Anderea, tiyi uyu wa kwa Chilichonse." Makalata a alendo akafika, kalaliki ankawayala patebulo. Wolemba kuti ndikufuna cha khonde ankamupatsa cha khonde. Wolemba kuti ndikufuna kutali ndi masitepe ankamuika kutali ndi masitepe. Akafika pa kalata ya munthu wofatsa, wolemba kuti chipinda chilichonse chikhala bwino, dzanja lake linkapita lokha pa kiyi wa leveni, osayang'anako n'komwe. Sanali munthu woipa kalaliki uja. Hotela iliyonse ili ndi chipinda chimodzi choipa, ndipo usiku uliwonse wina ayenera kugonamo. Kalaliki amangofuna munthu yemwe sadzadandaula, ndipo iwe ukamulembera kuti chilichonse, wamuuza kuti munthuyo ndiwe. Ku Japan sindinafikeko, koma ndikulumbira kuti ku Kobe kulinso nambala leveni.

Dziko litangolandira ufulu, kunabwera mlendo woyamba wakuda amene ndinamunyamulira katundu kudzera khomo la kutsogolo. Anali woyendera masukulu, bambo wa imvi pang'ono, suti yake yosita mpaka kunyezimira m'zigongono. Polowa anavula chipewa ngati akulowa m'tchalitchi. Kalaliki anamufunsa kuti akufuna chipinda chotani, iye anati, "Aa, chilichonse bambo, musavutike." Ine ndinaima pambali pake, sutikesi yake ili m'manja. Ndinkadziwa kuti nambala thu ndi nambala folo, za khonde, zinalibe anthu, chifukwa ndinaziyala ndekha m'mawa umenewo, ndipo mtengo wake unali umodzimodzi ndi wa leveni. Ndikanangonong'ona m'Chinyanja kuti pemphani cha khonde, kalaliki sakanamva. Sindinanong'one. A Chikopa akupukusa mutu, koma alembe ndithu: mumtima mwanga ndinakondwa pang'ono. Ndinati walowera khomo la kutsogolo, chabwino, koma akagone komwe kumayenera ife. M'mawa nditamupititsira tiyi, ndinamupeza atakhala pabedi atavala kale, maso ali psuu. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi azungu amagona bwanji m'phokoso lotere?" Ine ndinati, "Anazolowera, bwana." Munthu uja anabwerera kwawo akukhulupirira kuti hotela ndi choncho, ndipo mwina anakauza ana ake kuti za azungu n'zosasiririka. Ndinamunamiza kawiri, poyamba pokhala chete, kenako poyankha. Iwe sindikhala chete.

Ndipo si kuti sindinkadziwa. Ku Beira, zaka zambiri izi zisanachitike, zinali zitandionekera ine mwini. Tinali awiri ochokera kuno, ine ndi Saidi, Myao wa ku Milepa, bambo wa anyamata aja ali ndi shopu ya utelala pamsika. Mkazi wa bwana wa hotela, dona wa Chipwitikizi, ankabwerera kwawo, ndipo anatiitana awirife kuti aliyense atengepo chinthu chimodzi pa katundu yemwe sakanatha kukwera naye sitima. Anayamba kufunsa ine. Ndinaweramitsa mutu monga anandiphunzitsira amayi anga, ndinati, "Chilichonse, dona." Anayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsa kakhola ka waya kosungiramo mbalame, mbalame yake itafa kalekale. Anatembenukira kwa Saidi. Saidi analoza ndi chala, anati, "Makina osokera aja, dona." Ine manyazi anandigwira m'malo mwake, mpaka ndinamuponda phazi. Dona anangoti tenga. Pobwera kutchuthi tinakwera sitima imodzi, iye atakhalira bokosi la makina, ine kakhola kali pamiyendo. Kuyambira ku Dondo mpaka kudutsa mlatho wa Zambezi sanandipumitse. "Anderea, ulemu wakowo uutsekeremo m'kakholamo, ungauluke." Makina aja mpaka lero akusoka. Yunifolomu yako yoyamba ya unamwino inasokedwa pa makina omwewo, ine nditaima pakhomo kudikira ngati wina aliyense. Kakhola kaja mayi ako anasungiramo anapiye mpaka kanachita dzimbiri.

Unanena kuti mlendo sasankha m'nyumba ya eni ake. Sukunama, ndipo ndine ndinakuphunzitsa. Koma taganiza chifukwa chake mwambowo umayenda bwino kuno. Mlendo akafika pakhomo panga n'kunena kuti paliponse ndikhala, ine ndimathamanga kukatulutsa mpando wotsamira uja, umodzi wokhawo, ndekha n'kukhala pa chitsa. Akati chilichonse ndidya, nkhuku imafa. Mlendo sasankha chifukwa mwini nyumba ali pomwepo, akumuyang'ana m'maso, ndipo angachite manyazi kumupatsa choipa. Ku hotela mwini nyumba kulibe. Anthu amene akuitana aja sadzaima patebulo la makiyi. Padzaima kalaliki, yemwe sakukudziwa, sadziwa bambo ako, ndipo sadzakumana nawe pamaliro. Eni akewo mbali yawo achita kale. Atulutsa mipando itatu, wotsamira uli pomwepo, ndipo akufunsa kuti ukhala pati. Ukayankha kuti paliponse, sunawalemekeze. Wangotaya yankho lako pansi kuti alitole munthu wina.

Ndinawaonapo anthu a ku Japan, usaiwale. Sitima zawo zinkakocheza ku Beira, ndipo akuluakulu a m'sitimamo nthawi zina ankagona kwathu masiku awiri kapena atatu. Sindinaonepo alendo aulemu ngati amenewo. Ankawerama polonjera ngakhale ine wonyamula katundu, ndipo pochoka ankasiya chipinda ngati simunagone munthu. Koma patebulo la makiyi ankanena bwinobwino chomwe akufuna, chipinda cha mbali iti, chapamwamba kapena chapansi, ndipo ankanena akuwerama. Pamenepo ndinaona kuti munthu angathe kuwerama uku akupempha. Ife tinaphunzitsidwa kuti ukawerama utseke pakamwa. Kumene ukupitako sadzadabwa kuti wasankha. Adzadabwa kuti anakufunsa funso iwe osayankha.

Hotela ya ku Beira ija inali pamadzi ngati ya m'chithunzi chakoyo, kungoti yaifupi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinapukuta mazenera ake oyang'ana kunyanja ndi viniga ndi manyuzipepala akale, chifukwa mphepo ya mchere imadetsa galasi tsiku ndi tsiku. M'chipinda chilichonse munali mpando wa nsungwi pafupi ndi zenera, woti mlendo azikhalapo poyang'ana madzi. Wantchito akapezeka atakhalapo, ntchito inkatha tsiku lomwelo. Koma kunali tsiku lina, nyengo ya mvula, mbali yonse ya pamwamba ilibe mlendo ndi mmodzi yemwe, bwana atapita kudoko, chitseko nditatseka. Sitima yaikulu inkalowa pang'onopang'ono, timabwato tiwiri tikuikoka. Ndinagwira mpando uja kumsana, ndinaupukuta, ndinausunthira pomwe ukanaona bwino, kenako ndinatola ndowa yanga n'kutuluka. Tsiku limenelo palibe anandiletsa. Ndinadziletsa ndekha, ndipo ndinatuluka ndikudziyamikira kuti ndine wantchito wokhulupirika. Anthu kuno amati Anderea anakhala kunyanja. Ndinakhalako, koma nyanjayo ndinkaiona nditaimirira, chiguduli chili m'manja. Iwe ukalowa m'chipinda chako, upeze mpando wa pazenera, uvule nsapato, ukhalepo mpaka tiyi azizire.

Tsopano za atsibweni ako. M'mudzi muno ndine mkamwini, ndikudziwa. Pa nkhani za minda, za maukwati ndi za maliro, mawu a Dulani ndi olemera kuposa anga, ndipo zaka makumi anayi ndakhala ndikuvomera. Pomwe anati usapite kusukulu ya unamwino, ukwatiwe ndi mwana wa mwini sitolo uja, ndinalankhula motsitsa mawu, ndipo amene anamenya nkhondoyo ndi mayi ako. Pa nkhani iyi sinditsitsa mawu. A Dulani hotela yomwe amaidziwa ndi benchi ya padepoti ya mabasi. Akufunsa kuti mwana wa mlimi akagone pamwamba ngati ndani. Ngati Rozina. Ngati munthu amene wagwira ndi manja ake theka la ana akuthamanga m'midzi ino kuyambira kuno mpaka ku Magomero, zidzukulu za a Dulani omwewo zili m'gulu. Anthu a kutsidya kwa nyanja sanaitane mwana wa nduna. Anafufuza amene amadziwa ntchito, anapeza dzina lako. Akadzakufunsa a Dulani kuti unagona kuti, udzawauze zoona, ndipo udzawauze kuti anakutuma ndine.

Palinso china chomwe sunanene pagulu koma unandiuza tikubwera kutchalitchi. Ukuopa a Matroni, mkulu wa anamwino kuntchito kwanu, amene mukupita nawo. Wati iwo akasankha hotela ya kusiteshoni, iwe n'kusankha ya kumadzi, adzati Rozina akudzimva, ndipo mawu amenewo adzabwerera nawo kuntchito. Sindikupeputsa mantha ako. Masiku ano mawu ochepa onenedwa mu ofesi angathe kumukhazika munthu pansi, ndipo tonse tawaona anthu otere. Koma a Matroni ali ndi fomu yawo, ya dzina lawo, ndipo iweyo uli ndi yako. Sunabe, sunanyoze munthu, sunalankhule za boma. Akakufunsa, uyankhe mawu awiri okha: "Anandifunsa, ndinayankha." Usawonjezere, usapepese. Ndipo ndikuuze zomwe ndinaona pa zaka zanga zonse zonyamula katundu wa mabwana. Bwana amene amadana nawe chifukwa wasankha chabwino, ukasankha choipa sayamba kukukonda. Amangodziwa kuti ukhoza kupindika, ndipo mawa adzakupinda pa chinthu chachikulu kuposa chipinda. Mwinanso a Matroniwo usiku uno akuyang'ana chithunzi chomwecho, akuopa kuti iwe udzati akudzimva.

Mvera tsono za kasankhidwe, chifukwa kulemba dzina la hotela kokha sikukwana. Hotela ya pamadzi ili ndi nkhope ndi msana. Zipinda za kunkhope zimaona nyanja, za kumsana zimaona msewu, malo oimika magalimoto ndi utsi wa kukhitchini, koma zonse zimatchedwa hotela ya pamadzi. Chithunzi amajambulira m'chipinda chabwino koposa, tsiku lopanda mitambo. Ndiye ulembe zonse ziwiri, hotela ya kumadzi ndi chipinda choyang'ana kumadzi. Uwonjezere kuti chapamwamba, chifukwa m'zipinda zapansi umangoona madenga a nyumba zosungiramo katundu wa padoko. Ngati mzere ukukwana, ulembenso kuti kutali ndi chikepe chokwezera anthu kuzipinda zapamwamba. Chikepe chimalira usiku wonse, ndipo pafupi nacho ndi pomwe antchito amasunga ndowa ndi mathileyi.

Ukafika, munthu adzabwera kudzanyamula sutikesi yako. Umusiye anyamule. Ndikukudziwa, udzafuna kulimbirana naye chogwirira, koma ndi ntchito yake, ndipo mlendo wolanda katundu amamuchititsa manyazi pamaso pa kalaliki. Umulonjere, umuyang'ane kumaso. Ameneyo amadziwa hotela yonse kuposa bwana wake, ndipo mwina ali ndi mtima woposa womwe ndinali nawo ine. Akatsegula chitseko, usayambe kuyang'ana bedi kapena bafa. Pita pazenera, tsegula katani. Ukaona madzi, uthokoze. Ukaona khoma, usakhale pabedi. Ichi usaiwale, Rozina, usakhale pabedi. Ukangokhalapo, nsalu yakwinyika, chipindacho chasanduka chako, ndipo kalaliki adzakuuza kuti pepani, mwachigwiritsa kale ntchito. Uime chilili, chikwama chili paphewa, umwetulire, unene kuti, "Pepani, ndinapempha choyang'ana kumadzi." Akati dikirani, udikire. Akati zadzaza, ufunse kuti mawa bwanji. Alendo amatuluka m'mawa uliwonse, ndipo chipinda chabwino chikapezeka amapatsa munthu amene anafunsa dzulo. Sikulongolola kumeneko. Ine alendo olongolola ndinkadana nawo, koma alendo odziwa chomwe akufuna ndinkawayalira bwino kuposa onse, chifukwa ndinkadziwa kuti aona.

Ndipo usakolope. M'mawa usafunefune tsache. Masiku asanu okha pa moyo wako wina akuyalire.

Chatsala chimodzi, ndipo a Chikopa ndawapempha kuti apa asandiyang'ane, angolemba. Mayi ako atadwala matenda omaliza aja, iwe unali kusukulu, mayeso ali pafupi, ndipo tinakubisira kukula kwake. Izo unazidziwa pambuyo pake ndipo unatikhululukira. Chomwe sunadziwe ndi ichi. Tsiku lomwe ndinawapititsa kuchipatala, m'wodi ya amayi munali mabedi awiri opanda anthu. Lina linali pazenera, pomwe munthu atagona amaona phiri la Chiradzulu lonse. Lina linali kuseri kwa chitseko, pafupi ndi kachipinda kotsukiramo mabeseni. Namwino anali mtsikana wabwino, anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, amayiwa tiwagoneke pati?" Rozina, ine amene ndinkadziwa nambala leveni, ine amene ndinabwera ndi kakhola kuchokera ku Beira, pakamwa panga panayankha pokha. Ndinati, "Paliponse, amayi, musavutike." Namwino anasankha bedi lapafupi, chifukwa mayi ako anali olemera kuwanyamula. Mayi ako anangondiyang'ana. Masana omwewo kunabwera mayi wina, mwamuna wake anati tikufuna pazenera, ndipo anagona pazenera.

Masabata atatu mayi ako anagona akuyang'ana khoma lobiriwira. Inali nthawi yoyembekeza mvula yoyamba, ndipo mtima wawo unali kumunda. Tsiku lililonse ankandifunsa kuti, "Bambo a Rozina, phiri lavala mtambo lero?" Ine ndinkatuluka panja, kukayang'ana, n'kubwera kudzawauza. Lavala pang'ono kumutu. Lero lili mbee. Ndikanatha kupita kwa namwino kukapempha kuti bedi lina la pazenera likapezeka awasamutse. Ndinaganiza zimenezo tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ndinkati asatione ngati ovuta, akutisamala kale. Tsiku lina mayi ako anati, "Inu zaka zonsezi kuyalira azungu mabedi oyang'ana kunyanja, ine mwandipezera khoma." Ananena akuseka, inenso ndinaseka. Mvula inagwa Lachinayi, anangoimva padenga. Loweruka anatisiya.

Anthu pamaliro anati Anderea anasamala mkazi wake mpaka mapeto, sanachoke pambali pa bedi. Ndinavomera kuyamikako. Koma ine ndikudziwa kuti anandifunsa funso limodzi lokha lomwe yankho lake linali m'manja mwanga. Matendawo sindikanawachiza. Zeneralo ndikanatha.

Ndiye Lamulungu, pomwe unati ndalemba kuti chilichonse, ababa, ndinamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwako, ndi kaweramidwe komwe ka mutu. Sindinakusiyire munda wabwino kapena nyumba ya malata ambiri. Sindilola kuti chomwe ndikusiyire chikhale chimenechi. Lero ndi chipinda cha masiku asanu, ndikudziwa, ndipo ukhoza kunena kuti ababa akukulitsa nkhani yaing'ono. Koma pakamwa pamazolowera. Mawa adzakufunsa wodi yomwe ukufuna kuyang'anira, nyumba yomwe ukufuna kukhala, ndipo tsiku lina adzakufunsa za munthu wako amene sangathe kudziyankhira.

Tsopano mvera chomwe ndachita, ukwiye uli m'basi. M'mawa uno utangonyamuka kupita ku Milepa, ndinatsegula chikwama chako n'kutulutsa envelopu ya khaki ija. Sindinagwire china chilichonse. Kuwerenga sindidziwa, koma malo omwe pensulo yako inagunda ndinawaona bwino. Fomuyo ndabwera nayo kuno. Ndinapempha a Chikopa kuti alembepo hotela ya kumadzi, iwo anakana. Anati, "A Anderea, kulemba pa fomu ya munthu wina ndi mlandu, mukufuna ndikafere kundende ndi ukalamba uno?" Tinakangana pang'ono, kenako ndinaona kuti akana bwino, ngakhale chifukwa changa ndi china. Ndinayankhirapo kale munthu mmodzi, zakwana. Ndiye ndangobwereka labala wawo, ndafufuta ndekha mawu ako aja. Dzanja langa ndi lolemera, pepala lapyapyala pang'ono pamenepo, ulembe mosamala lingabooke.

Mzerewo uli wopanda kanthu. Fomu ndiibwezera m'envelopu usanafike, pamodzi ndi kalata ino. Mawa kalaliki wa ku Blantyre akakutambasulira dzanja, uyenera kulembapo kanthu iye akuona. Ukafuna kubwezerapo mawu omwe aja, dzanja ndi lako, koma tsopano ukudziwa komwe amagoneka munthu.

M'envelopumo ndaikamo cholembera cha a Chikopa, andipatsa ndi mtima umodzi. Ulembe ndi inki, kuti wina asadzafufutenso, ngakhale ine.

Mulungu akutsogolere pamtunda, mumlengalenga ndi pamwamba pa madzi. Nandolo ndikusungira.

Ndine bambo ako,
Anderea

Chala chadindidwa pansipa ndi changa.